Nyumba ya mbalame ziwiri inamangidwa ndi makobiri a maliro

Kope lofiira

Uthenga unandipeza ndili pa ntchito ya usiku, ndikudikira ketulo kuti iwire. Foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu kangapo motsatizana. Aliyense amene ali pa gulu la WhatsApp la Amalawi kunja kuno akudziwa kuti mauthenga akamagwa ngati matalala 2 koloko usiku, si nkhani ya chinkhoswe. Achimwene athu ena a ku Mulanje anagwa kubafa, ndipo ambulansi inafika atatisiya kale. Anali asanakwanitse zaka ziwiri ali ku Liverpool. Mayi akunyumba ndi ana atatu anali kumudzi, akudikira kuti zinthu zikhazikike nawonso abwere.

Kutangocha abusa anandiimbira. "Achemwali, kope lija muli nalo?"

Ndinali nalo. Ine ndine msungichuma wa gulu lathu, udindo umene unandigwera tsiku lina chifukwa ndinachedwa kukana.

Amene simunatumizepo thupi kumudzi kuchokera kuno, mvetserani. Munthu akafa mwadzidzidzi, nkhani imayamba yapita kwa mkulu wofufuza za imfa, amene kuno amamutcha coroner, ndipo thupi silingatuluke m'dziko iye asanaloleze. Kenaka likonzedwe ndi mankhwala, liikidwe m'bokosi lokhala ndi lata m'kati, lomatidwa kuti mpweya usalowe kapena kutuluka. A ndege amaliwerengera ngati katundu. Pa kalata iliyonse pali mtengo wake, ndipo zonse pamodzi ndi mapaundi zikwizikwi. Zikakanika, khonsolo ili ndi udindo woyendetsa maliro a munthu wosowa womuika, ndipo nthawi zambiri kumakhala kuwotcha. Mawu amenewa sitinkawatchula pa gulu. Tinkangoti "zinazo".

Ndinasonkhetsa masabata asanu. Tsiku lililonse ndinkaika mndandanda: uje £50, uje £20, banja la auje £100. Ena ankawerenga uthenga n'kukhala chete, timizere tabuluu tija tikuwaulula. Bambo ena anandiuza katatu kuti atumiza kale, ndiyang'anenso bwino. Mayi ena anafunsa pagulu, osati kumbali, kuti kodi zotsala pa maliro a chaka chatha zinapita kuti. Ndinajambula masamba onse a kope n'kuwaponya pomwepo, manja akunjenjemera.

Koma chimene chinandilasa kwambiri chinachokera kwa mnzanga wa kuntchito, mzungu wamtima wabwino ndithu, amene anaperekanso £10 yake. Anandifunsa modabwa kuti, "Kodi analibe inshulansi?" Sanafunse monyoza. Koma ine ndinamva ngati wandivula pamsika. Ndinadziona mmene ndimaganizira kuti eni dziko amationera: anthu oyenda ndi mbale yopemphera nthawi iliyonse wina akamwalira.

Tsiku limene bokosi linanyamuka ku Manchester kudzera ku Addis Ababa kupita ku Chileka, ndinalumbira chamumtima kuti kope ili ndikabweza.

Liva ayi, Laiva

Nyumba imene ndikufuna kukambayi mukuidziwa, ngakhale simunapondepo ku Mangalande. Mmalawi aliyense akafika ku Liverpool, chithunzi choyamba kutumiza kumudzi amajambulitsa pa Pier Head, m'mphepete mwa mtsinje wa Mersey, atavala jekete yatsopano, kumbuyo kwake kuli chinyumba chotuwa cha nsanja ziwiri, pamwamba pa nsanja iliyonse pali chimbalame chotambasula mapiko. Imeneyo ndiyo Royal Liver Building. Pambali pake pali zinzake ziwiri, Cunard Building ndi Port of Liverpool Building, ndipo zitatuzi pamodzi amazitcha Three Graces.

Mlongo wanga wa ku Ntcheu, amene saphonya mpira wa Liverpool ngakhale zitatanthauza kuyenda wapansi mpaka pa Kampepuza, sanandifunse n'komwe ngati ndafika bwino. Anangoti, "Mbalame ija mwaiona?" Ndi mbalame yomwe ija ili pachifuwa pa malaya ofiira a timu yake. Ndinamujambulira.

Chaka chonse choyamba ndinkaitchula "Liva", potengera dzina la mzinda. Dalaivala wa basi ndiye anandikonza: amati "Laiva". Chifukwa chake musandifunse, anthu a kuno amayankhula Chingerezi chawochawo chimene sitinaphunzire ku sekondale.

M'mutu mwanga nyumbayi inali ya boma, kapena ya banki, kapena ya eni sitima zapamadzi amene analemeretsa doko lino. Sindinafunsepo. Nyumba zotere munthu wa ntchito yanga amangozidutsa.

Lachisanu kwa agogo

Ntchito yanga ya masana ndi yoyendera okalamba m'nyumba zawo. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, tiyi, mankhwala, kulemba m'buku, kuthamangira kwina. Lachisanu lililonse m'mawa ndimayamba ndi agogo ena a ku Bootle, dera la kumpoto kwa Liverpool, a zaka 88, amene miyendo inawakana koma pakamwa ndi pakuthwa ngati lumo. Ine ndimawatcha agogo, ndipo anazolowera mpaka amadzitchula okha choncho, ngakhale amatchula ngati akutsamwa.

Lachisanu limenelo, patangopita masiku awiri bokosi litanyamuka, ndinkafuna magolovesi m'chikwama ndipo kope lofiira linagwa pansi n'kutseguka. Agogo anasuzumira ali pampando. Anaona mizere imene ndinajambula ndi rula: tsiku, dzina, ndalama, siginecha.

"N'chiyani chimenecho, mwanawe?"

Ndinayankha mwachidule, chifukwa ndinalibe mphamvu yofotokozeranso mzungu wina. Ndinati ndi ndalama za maliro a mnzathu, timasonkha. Ndinadikira funso la inshulansi lija.

M'malo mwake anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti iwe ndiwe bambo wa Laiva!"

Sindinamve. Anandituma kuchipinda kuti ndikatenge chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu. Nthawi yanga pa nyumba imeneyo ndi mphindi 45 zokha, ndipo foni ya kuntchito imawerenga, komabe ndinapita. Chitinicho chinali cha dzimbiri m'makona. M'kati munali zithunzi, makadi a chakudya a nthawi ya nkhondo, ndi timabuku tating'ono tomangidwa pamodzi ndi ulusi wa juzi. Anamasula ndi zala zawo zopindika zija, osalola kuti ndiwathandize, n'kundipatsa kamodzi.

Pachikuto panali mbalame ija. M'kati munali mizere. Tsiku, ndalama, zilembo ziwiri za dzina la wolandira. Sabata ndi sabata, tsamba ndi tsamba, inki ina yakuda, ina yabuluu, pena pensulo. Ndalama zake zinali makobiri. Kobiri limodzi, makobiri awiri, pena tiki. Ndinaika kope langa pambali pa kabukuko pa tebulo la tiyi, ndipo kusiyana kwake kunali kwakuti kawo kanali kosindikizidwa, langa la rula.

Anandifotokozera. Mayi awo ankalipirira aliyense m'nyumbamo, kuyambira bambo, amene ankagwira ntchito yotsitsa katundu padoko, mpaka khanda. Mwana akangobadwa, asanabatizidwe n'komwe nthawi zina, ankamulembetsa. Lachisanu lililonse madzulo, tsiku la malipiro, kunkabwera bambo wa njinga yakapalasa, chibuku chonenepa chomangidwa ndi mphira chili m'khwapa. Ndalama yake inkakhala kuseri kwa wotchi ya pamwamba pa moto, ndipo kuikhudza kunali kuputa mkwapulo. Mayi awo ankalolera kugona ndi tiyi yekha koma makobiri a Laiva akhalepo. Sabata imene bambo sanapeze ganyu padoko, ana onse ankauzidwa kuti agone pansi kuseri kwa mpando, zii, mpaka kugogoda kuthe. Sabata yotsatira ankalipira ziwiri.

Kenaka anasankha kabuku kena, kopyapyala kuposa tonse. Masamba olembedwa anali awiri okha.

"Aka n'ka mlongo wanga. Anakhala miyezi isanu ndi iwiri."

Anati akukumbukira kabokosi koyera, ndi kuti mayi awo, m'kati mwa kulira konse, ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti mwanayo aikidwa ndi ndalama zawo, osati za parishi, kutanthauza thandizo la boma kwa osauka. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana m'maso, kuti ndimvetse kuti imeneyi ndiyo inali nkhani yonse. Kuikidwa ndi aboma m'dzenje limodzi ndi anthu osawadziwa, popanda mwala, linali manyazi amene banja linkasenza mpaka kwa zidzukulu.

"Zinazo" zathu zija. Anali nazonso.

Ndiye anakweza chala kuloza chakumwera, kumene kuli tauni. "Chinyumba chija cha mbalame, ukuchidziwa? N'cha amayi anga chimene chija. Mwala umodzi, kapena theka lake." Anaseka. "Ndipo sindinalowemo chibadwire."

Ndinachedwa mphindi 20 kwa munthu wotsatira. Mu basi ndinalira, koma sikunali kulira kwa masabata asanu aja.

Amuna a m'bala la Lyver

Usiku umenewo ndinayamba kufufuza, ndipo agogo sananame.

Pa 24 July 1850, kagulu ka amuna ogwira ntchito wamba kanakumana m'bala lotchedwa Lyver Inn mu Liverpool n'kuyambitsa bungwe lotchedwa Liverpool Lyver Burial Society. Bungwe la maliro. Cholinga chake chinali chimodzi: membala akafa, aikidwe mwaulemu. Si mabwana a sitima, si a banki. Anthu omwa mowa wawo ataweruka, atatopa n'kuona anzawo akutayidwa.

Ukaona zaka zimenezo umamvetsa. Mu 1847 anthu miyandamiyanda othawa njala ku Ireland anatsikira pa doko lomweli, ambiri n'kukathera m'zipinda zapansi pa nthaka, zachinyezi, zopanda mawindo. Matenda anawasesa. Chaka chomwecho Liverpool inalemba ntchito Dr William Henry Duncan kukhala dokotala woyang'anira zaumoyo wa mzinda, woyamba wa mtunduwu m'dziko lonselo. Mu 1849 kolera inabweranso. Ndipo panali lamulo la mu 1832, Anatomy Act, limene linkalola kuti thupi la mmphawi wofera m'nyumba ya osauka popanda wodzalitenga liperekedwe kwa ophunzira udokotala kuti alitumbule. Mmphawi wa ku Liverpool sankangoopa kufa. Ankaopa chimene chidzachitikire thupi lake.

Kobiri pa sabata, khomo ndi khomo. Bungwelo linasintha dzina kukhala Royal Liver Friendly Society, linafalikira m'mizinda ina mpaka ku Ireland, ndipo pofika 1907 linali ndi antchito oposa 6,000. Maofesi anachepa. Mpamene anaganiza zomanga likulu pa Pier Head.

Sindikufuna kuwapaka mafuta opitirira. Mabungwe onse a inshulansi ya khomo ndi khomo ankadzudzulidwa kuti gawo lalikulu la kobiri lija linkathera kulipira otolera ndi maofesi, ndipo mmphawi amene walephera kulipira kwa nthawi yaitali ankatha kutaya zonse zimene anaponya kale. N'chifukwa chake ana ankagona kuseri kwa mpando. Komabe mfundo ndi yakuti chinyumba chonyaditsa kuposa zonse m'mphepete mwa Mersey, chimene ndinkayesa cha eni chuma, chinachokera ku mantha a amayi onga mayi a agogo.

Malo amene chinamangidwapo ali ndi mbiri yakeyake yowawa. Panali doko lotchedwa George's Dock, lotsegulidwa mu 1771, m'zaka zimene Liverpool inkatsogola pa malonda a akapolo a ku Africa. Linatsekedwa ndi kukwiriridwa cha m'ma 1900. Msewu wodutsa kuseri kwa nyumba zitatuzi mpaka lero umatchedwa Goree, dzina la chilumba cha ku Senegal. Ndinkadutsa pamenepo pa basi osadziwa chimene ndikuwerenga.

Kumtunda kwa mbalame

Kuyambira 2019 anthu wamba amaloledwa kukwera nsanja ya kumtsinje, bola ugule tikiti. Ndinagula Loweruka lina la ofu. Kunena zoona ndinkamva chisoni ndi ndalamayo, chifukwa mutu wanga umasinthabe chilichonse kupita m'makwacha, koma agogo anali atandituma. Anati ndikawaonere ngati mbalamezo zilidi zomangirira.

Chikepe chimakusiya pa nsanjika ya 10. Kuchoka apo ndi masitepe oposa 100, ena ozungulira ngati nkhono, opapatiza moti munthu wa thupi ngati langa amayenda cham'mbali.

Mwala wa maziko unaikidwa pa 11 May 1908, ndipo nyumbayo inatsegulidwa pa 19 July 1911. Anaijambula ndi Walter Aubrey Thomas, katswiri wa mapulani wa konkuno. Kunja ukaiona umayesa ndi ya miyala yokhayokha, koma miyalayo ndi chovala chabe. Mafupa ake ndi konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, mamangidwe amene ife tinawazolowera pa nyumba iliyonse yosanja ku Lilongwe, koma mu 1908 anali achilendo, ndipo iyi inali imodzi mwa nyumba zikuluzikulu zoyamba kumangidwa motero ku Britain. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 98, mbalame zisanawerengedwe.

Umadutsa m'chipinda cha kuseri kwa mawotchi. Nkhope zake ndi zinayi, zitatu pa nsanja ya kumtsinje ndi imodzi pa nsanja yoyang'ana kutauni, ndipo iliyonse ndi mamita 7.6 kuchoka uku kufika uko, kuposa za Big Ben ku London. Anthu a kuno sakusiya uchoke usanamve mfundo imeneyi. Palibe manambala, ndi timizere chabe, kuti woyendetsa sitima ali pakati pa mtsinje awerenge nthawi. Anawapanga a kampani ya Gent ku Leicester, ndipo asanawatumize anagoneka nkhope imodzi pansi n'kuisandutsa tebulo, anthu pafupifupi 40 n'kudyerapo phwando. Mawotchiwa anawayambitsa pa 22 June 1911, pa nthawi imene mfumu George V inkavekedwa chisoti.

Ndinaima pamenepo ndikuganiza za phwandolo. Anthu a masuti akudya nyama mozungulira wotchi yogulidwa ndi makobiri obisidwa kuseri kwa mawotchi ena, ang'onoang'ono, a m'makhitchini a ku Bootle.

Ukatulukira pamwamba, mphepo ya Mersey imakumenya mbama. Ndipo mbalame ili pompo, pamutu pako. Pansi imaoneka ngati nkhunda, koma ndi chinthu cha mamita 5.5, cha mkuwa umene unasanduka wobiriwira, chitaluma kanthambi ka zomera za m'nyanja. Zilidi zomangirira, agogo, ndi zingwe zachitsulo. Eni mzinda anazipatsa maina: Bella, yoyang'ana kunyanja kudikira amalinyero, ndi Bertie, yoyang'ana kumtunda kulondera mabanja awo, kapena, monga amanenera anthu a nthabwala, kuona ngati mabala atsegula. Amati zikadzauluka, mzinda udzatha. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu May 1941, anagumula mbali yaikulu ya tauni ndi Bootle, koma izi zinatsala chiimire.

Chimene sindinayembekezere ndi nkhani ya amene anazijambula. Anali mlendo. Carl Bernard Bartels, mmisiri wosema wa ku Stuttgart ku Germany, amene anakhala ku England zaka zoposa 20, ndi mkazi ndi ana, ndiye anapambana mpikisano wa kamangidwe ka mbalamezi. Patangopita zaka zinayi nyumbayo itatsegulidwa, mu May 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, Ajeremani anamiza sitima ya Lusitania, imene kwawo kunali pa doko lino ndipo antchito ake ambiri anali ana a m'makwalala omwewa. Anthu anaswa masitolo a Ajeremani mu Liverpool. Bartels anatsekeredwa ku kampu ya Knockaloe pa chilumba cha Isle of Man, ndipo nkhondo itatha anamubweza ku Germany, banja lake n'kutsala. Anadzabwereranso patapita zaka zambiri, n'kumwalira mu 1955. Dzina lake linazimiririka pa nkhani ya mbalamezi kwa nthawi yaitali. Mzinda unadzamupatsa ulemu mu 2011, nyumbayo ikukwanitsa zaka 100, iye atagona m'manda zaka 56.

Ine amene chitupa changa chokhalira kuno chimadalira kalata ya abwana a kuntchito, nkhani imeneyi sindinaimve ngati mbiri yakale. Ndinagwira chitsulo cha m'mphepete n'kuyang'ana kunyanja limodzi ndi Bella.

Ali m'katimo ndani lero

Eni ake oyamba kulibe. Mu 2011, chaka chomwe chija cha chikondwerero, bungwe la Royal Liver linamezedwa ndi bungwe lina la inshulansi lotchedwa Royal London, ndipo dzina limene linayambira m'bala lija linatsala pakhoma pokha. Mu 2017 nyumbayo inagulitsidwa koyamba chimangidwire, pa mtengo wa £48 miliyoni, kwa kampani ya Corestate Capital pamodzi ndi Farhad Moshiri, amene panthawiyo anali mwini wamkulu wa timu ya Everton.

Apa mpamene mlongo wanga anatsala pang'ono kundidulira foni. Everton, adani enieni a timu yake, anasamutsira maofesi awo m'nyumbayi mu 2018. Mbalame ili pa malaya ofiira, koma pansi pa mapazi ake pankakhala anthu a buluu akuwerengera malipiro a osewera awo. Anati ndikunama. Ndinamuuzanso kuti mbalameyo ndi ya mzinda wonse, si ya timu, ndipo iye anati zimenezo ndikauze a Everton omwewo.

M'nsanjika zina mwakhala mukudutsa a banki, owerengera ndalama za makampani, a wailesi ya kanema. Nyumba ya maofesi imakhala choncho, alendi amabwera ndi kupita, zikwangwani za pakhomo zikusinthidwa. Amene akhalitsa ndi a Princes, kampani ya zakudya za m'zitini. Ngati munagulapo kachitini ka nsomba kuno mwezi utafika pothina, mwina kanali kawo. Akhala akuchita lendi m'menemo kuyambira m'ma 1980, ndipo mu 2025 anaigula nyumba yonseyo pa £60 miliyoni. Mlendi anasanduka landilodi. Agogo nditawauza anati basi zili bwino, chifukwa banja lawo ladya nsomba za m'zitini zokwanira kugula mwala wachiwiri.

Kunja nako kwasintha. Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika gombe la Liverpool pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse, ndipo mu 2021 linalichotsapo, ponena kuti zomangamanga zatsopano m'madoko akale, kuphatikizapo bwalo latsopano la Everton pa Bramley-Moore Dock, zawononga maonekedwe ake. Ukakhala pamwamba paja bwalolo umaliona bwinobwino chakumpoto, ndipo kupitirira apo ndi zikepe zofiira za doko la makontena ku Seaforth, kumene sitima zenizeni zimakocheza masiku ano. Pa Pier Head pamatsala maboti owolotsa anthu ndi sitima za alendo okaona malo.

Ndinajambula mbalame chakumsana, zingwe zikuoneka, n'kukawaonetsa agogo Lachisanu lotsatira. Anayang'anitsitsa foni nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Anangoti, "Yakalamba ngati ine."

Msonkhano wa m'holo ya tchalitchi

Kope sindinabweze. Ndinapita nalo ku msonkhano wotseka za maliro aja, m'kaholo kamene timabwereka tikatha mapemphero, ndipo nditawerenga zolowa ndi zotuluka mpaka kobiri lomaliza, ndinapempha mphindi zisanu.

Ndinawauza za kabuku ka masamba awiri. Ndinawauza za amuna a m'bala la Lyver. Ndiye ndinati, abale anga, bwanji tizisonkha mwezi ndi mwezi, £10 aliyense, tonse tili moyo, ndalama izikhala ku akaunti ya gulu ya osayinira atatu, kuti tsiku loipa likafika tisamayambire pa ziro ndi mndandanda wochititsana manyazi. Si nzeru yachilendo. Kumudzi mabanki m'khonde ambiri ali ndi kathumba ka zadzidzidzi, ndipo abale athu ku Joni akhala ndi magulu a maliro kuyambira kale.

Holo inati zii. Kenaka bambo ena achikulire, amene tonse timawatcha amalume, munthu amene anabwera kuno ambirife tisanaphunzire n'kuyenda komwe, anaimirira pang'onopang'ono.

"Amayi msungichuma, mwayankhula bwino. Koma kwathu sitikumba manda munthu akupuma. Mukufuna tiziitana imfa mwezi uliwonse?"

Ena anawomba m'manja. Mayi aja a funso la chaka chatha anati ndalama yokhala imayamba kununkha, ndipo amene akuisunga amayamba kumanga kumudzi. Sananditchule, koma maso onse anadziwa kolowera. Mnyamata wina anati iye kuno sakhalitsa, zaka zitatu basi akabwerera, ndiye asonkherenji. Achimwene a ku Mulanje aja nawonso ankatero, koma sindinanene.

Ndipo amalume sindikuwaseka. Inenso mayi anga atamva kuti ndikusonkhetsa za maliro a anthu amoyo angandifunse ngati kunjaku kwandizunguza mutu. Pali china chimene amaopa chomwe ndi choona: maliro athu ndi kulirana, munthu amabwera yekha ndi ufa wake ndi nkhuni zake chifukwa wamva kuwawa, ndipo ukazisandutsa za akaunti ndi malamulo, tsiku lina wina adzauzidwa kuti pepani, munalumpha miyezi itatu. Ndikaganiza za ana ogona kuseri kwa mpando, ndimadziwa kuti njira imeneyo ili ndi minga yake. Amuna a m'bala aja sankalota nsanja, ndipo zidzukulu za osonkha sizinalowemo.

Abusa anatseka ndi pemphero popanda chigamulo. Tinagwirizana kuti ofuna ayambe okha.

Pa anthu oposa 60 a pa gulu, tinayamba 14. Tinalemba kuti wolumpha mwezi sachotsedwa, amangokumbutsidwa kumbali, osati pagulu. Tsiku lotolera ndi Lachisanu lomaliza la mwezi, ndipo ndinasankha dala. Agogo amandifunsa ndikangolowa, jekete ndisanavule, "Bambo wa Laiva, alipira angati?"

Mwezi wachitatu ndinatsegula akaunti ndili mu basi yochokera ku Bootle, ndipo ndinapeza £10 yochokera ku dzina limene silinali m'kope. Anali amalume. Pa malo olembapo chifukwa cha ndalamayo sanalembe kuti maliro. Analemba kuti "za mbalame".

Ndinatulutsa rula n'kuwonjezera mzere wa 15.